Pamsana pa Naukluft, Pamene Madzi Amalamula Ulendo

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Windhoek, m'dziko la Namibia, dziko lokwera limafika pothera n'kutsetserekera m'chipululu cha Namib. Pamalire amenewo pali mapiri a miyala yokhayokha otchedwa Naukluft, dzina lotanthauza khwawa lopanikiza. Ukawayang'ana uli pamsewu sungaganize kuti muli ngakhale dontho la madzi. Ndi otuwa, ong'ambikang'ambika, opanda nkhalango ngati ija timaidziwa ku Mulanje kapena ku Zomba. Komatu m'ming'alu yake muli akasupe osaphwa chaka chonse, pomwe pamwamba pake pali misana italiitali yopanda mthunzi ndi madzi omwe. Wofuna kuyenda m'mapiriwa ayenera kudziwa zonse ziwirizi, chifukwa madzi a m'munsi aja amamuiwalitsa munthu ludzu limene likumudikira pamwamba.

Mapiriwa ali m'kati mwa malo osungirako zachilengedwe a Namib-Naukluft, amene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 50,000, kuposa Nyanja ya Malawi yonse. Chigawo cha mapirichi chinapatulidwa koyamba m'zaka za m'ma 1960 pofuna kuteteza mbidzi za m'mapiri, ndipo mu 1979 chinaphatikizidwa ndi malo a m'chipululu n'kukhala paki imodzi. Kuchokera ku Windhoek ndi ulendo wa maola angapo pagalimoto, mbali yaikulu pamsewu wafumbi. Mukhoza kuyenda nthawi yaitali osakumana ndi galimoto ina, osaona mudzi, osaona ngakhale mwana woweta mbuzi.

Muli njira zingapo zoyenda pansi. Yaitali kwambiri ndi ya makilomita 120, ya masiku 8. Ina, yotchedwa Olive Trail, ndi ya makilomita 10. Ife tinasankha yapakati, Waterkloof Trail, ya makilomita 17, imene imazungulira n'kubwerera pamene inayambira. Munthu wamphamvu amaimaliza m'maola 7 kapena kupitirirapo. Dzina lakuti Waterkloof, m'chinenero cha Afrikaans, limatanthauza khwawa la madzi.

Tinali anthu anayi: ine, alamu anga amene amagwira ntchito ku Windhoek, mwana wawo wa zaka 22, ndi mnzawo wa kuntchito, mbadwa ya ku Namibia komweko, amene anali atayendapo kale njirayi. Unali mwezi wa Seputembala. Tinafika Lachisanu masana, tinapuma Sabata pamsasa, ndipo Lamlungu kutangoyamba kuyera tinabereka zikwama. Aliyense anali ndi malita 4 a madzi, buledi wopaka chiponde, mtedza wokazinga wothira mchere, malalanje ndi zipatso zouma. M'chikwama changa munalinso mapaketi a mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, aja timawadziwa kuti Thanzi, mapiritsi oyeretsera madzi, bandeji ndi chitenje chimodzi.

Kumunsi, kumene kuli maiwe

Gawo loyamba la njirayi limatsata mtsinje wa Naukluft chokwera. M'mawa umenewo kunkazizira ndithu, moti tonse tinali titavala majuzi. Njira inalowa m'bango lalitali kuposa munthu, n'kutulukira pansi pa mikuyu ikuluikulu imene mizu yake yakumbatira matanthwe. Kenaka tinayamba kupeza maiwe, limodzi pambuyo pa linzake, a madzi oyera oti ukuona mwala uliwonse pansi. Achule ankalira, ndipo pamatanthwe a kutsidya anyani anali atakhala m'magulumagulu akuothera dzuwa, akutiyang'ana ngati ife ndiye alendo osayitanidwa.

Njirayi si yolambulidwa. Mumatsata zizindikiro za phazi zopakidwa penti pamiyala, ndipo malo ena mumalumpha kuchoka pamwala wina kufika pa wina. Mukayenda mphindi zingapo osaona chizindikiro, nzeru ndi kubwerera pamene munachiona komaliza, osati kupitiriza mongoganizira.

M'makwawa amenewa munachitikapo nkhondo. Mu 1894 mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Nama, Hendrik Witbooi, anabisala muno ndi anthu ake pamene asilikali a dziko la Germany, motsogozedwa ndi Theodor Leutwein, ankamusaka. Anamenyana m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mpaka Witbooi anavomera kusaina pangano. Lero nkhope yake ili pa ndalama zapepala za ku Namibia. Ukayenda m'makwawawa umamvetsa chifukwa chake anasankha malo ano. Wodziwa pamene pali akasupe akhoza kukhalamo nthawi yaitali, pomwe mlendo akuvutika ndi ludzu pamtunda wa makilomita ochepa chabe.

Titafika pa dziwe lomaliza, mnzathu wa ku Namibia anatiimitsa. Anati aliyense amwe mpaka akhute, adzazenso mabotolo, chifukwa kuchokera pamenepo sitionanso madzi mpaka titadutsa msana wa phiri. Tinadzaza n'kuponyamo mapiritsi. Madzi a m'dziwe, ngakhale aoneke oyera bwanji, amamwamonso anyani ndi nyama zina, choncho ayenera kuyeretsedwa, ndipo mankhwalawo amafuna theka la ola kuti agwire ntchito. Mnyamata uja anangoseka, nati mabotolo ake akadali odzaza.

Chifukwa chake pamwamba ndi pouma

Mapiri a Naukluft mbali yaikulu ndi a miyala ya laimu, imene imasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi. Mvula kuno ndi yochepa, imagwa makamaka pakati pa Januwale ndi Epulo, ndipo zaka zina imangolambalala. Ikagwa, madzi sakhalitsa pamwamba. Amalowa m'ming'alu, n'kuyenda m'kati mwa phiri, n'kukatulukira m'munsi ngati akasupe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kuno mwambiwu umaoneka ndi maso. Mtsinje wa Tsauchab umayambira m'mapiri omwewa, koma sufika kunyanja. Tsauchab amakathera mumchenga ku Sossusvlei, pakati pa milu ikuluikulu ya mchenga wofiira.

Patangopita kanthawi titasiya dziwe lija, njira inapatuka kuusiya mtsinje n'kulowa m'khwawa louma. Mikuyu inatha. M'malo mwake tinayamba kuona mitengo ya kokerboom, ya mtundu umodzi ndi aloe vera koma yaitali ngati mtengo weniweni, imene anthu a mtundu wa San ankaboola nthambi zake kupanga maphodo osungiramo mivi. Panalinso zomera zaminga zofanana ndi nkhadze, za utomoni woyera waululu. Mnzathuyo anatichenjeza kuti tisazikhudze, ndiponso kuti nthambi zake zouma sasonkhera moto wophikira.

Khwawa litatha tinatulukira pamtunda woyalana, wa udzu wouma ndi timiyala. Apa ndi pamene tinaona mbidzi zisanu zitaima pachitunda. Mbidzi za m'mapiri zimasiyana ndi za m'madambo. Pamimba pake ndi poyera popanda mizere, pakhosi pali kachikopa kolendewera, ndipo ziboda zake ndi zolimba moti zimathamanga pamiyala ngati pabwalo. Madzi akasowa, zimakumba mumchenga wa mtsinje wouma mpaka kuwapeza. Tinaonanso zinkhoma ziwiri zitaima pansonga ya thanthwe, miyendo yonse inayi pamalo osakwana mbale.

Cha m'ma 10 koloko majuzi anali atalowa kale m'zikwama. Dzuwa linali litakwera, mphepo youma ikuwomba mosalekeza. Chodabwitsa n'chakuti malaya athu anali ouma. Kwathu munthu akamalima mu Novembala malaya amanyowa, ndipo thukutalo limamukumbutsa kuti amwe madzi. M'chipululu mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanaoneke, n'kungosiya mizere yoyera ya mchere pachipewa ndi m'khwapa. Thupi likutaya madzi, mwina lita yathunthu pa ola limodzi ngati munthu akukwera phiri padzuwa, koma mwini wake sakuona kanthu. Ludzu nalonso limachedwa. Pamene munthu ayamba kulimva, thupi limakhala litaperewera kale.

Pamsana

Titadutsa chizindikiro chosonyeza kuti tafika theka la ulendo, njira inaimirira. Tinakwera mokhotakhota pamiyala yogumuka, mpweya ukuperewera, aliyense ali chete. Mnyamata uja anali patsogolo kuyambira m'mawa. Ankathamangira kutsogolo, n'kukhala pamwala kutidikira, ife tikafika iye n'kunyamukanso. Bambo ake anamudzudzula kawiri kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma mwana wa zaka 22 amamva za miyendo yake.

Pamwamba penipeni pa njirayi ndi mamita 1,910 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, kutalika kosasiyana kwambiri ndi phiri la Zomba. Ndi msana wotakata, wopanda mtengo woti munthu n'kubisalapo. Kumbuyo kwathu kunali mapiri okhaokha, osanjikizana ngati mabuku ogwa pashelefu. Kutsogolo dziko linatseguka mpaka kumene maso amalekezera, zigwa zotuwa, mitsinje youma yokhotakhota, ndi chipululu chikunyezimira ndi kutentha. Panalibe denga la nyumba, utsi kapena msewu. Chiwombankhanga chakuda chinkazungulira m'munsi mwathu, osati pamwamba. Foni inalibe netiweki, ndipo tikasiya kuyankhula tinkangomva mphepo.

Mnyamata uja tinamupeza atakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo.

"Iwe, watani?" anafunsa bambo ake.

"Palibe, bambo. Mutu chabe."

Ndinamugwira pamkono. Khungu linali lozizira ndi lonyowa, mtima ukugunda mofulumira. Nkhope inali itatuwa, milomo itauma. Anati akumva nseru, ndipo ataimirira dziko linazungulira. Minofu ya akatumba a miyendo inkakokana.

"Wamwa liti madzi?"

"Ndimasunga, amalume. Ndimati tikafika pamwamba."

"Nanga kukodza, wakodza liti?"

"M'mawa, kumsasa."

Titatsegula chikwama chake tinapeza kuti pa malita 4 aja sanamwe ngakhale theka la lita. Anali atayenda maola oposa asanu atasenza madzi kumsana, thupi lake likuuma.

Theka la ola pansi pa chitenje

Matenda a kutentha ali ndi masitepe awiri, ndipo banja lililonse liyenera kudziwa kusiyana kwake. Poyamba munthu amafooka: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, minofu kukokana, mtima kuthamanga, khungu lozizira ndi lonyowa. Koma nzeru zake zimakhala zili bwino, amadziwa kumene ali ndipo amayankha molondola. Apa akhoza kuthandizidwa pomwepo. Akapanda kuthandizidwa amalowa sitepe yachiwiri, pamene thupi limalephera kudziziziritsa, kutentha kwake n'kufika madigiri 40 kapena kupitirira. Munthu amasokonezeka, amayankhula zosamveka, amadzandira, mwinanso kukomoka kapena kugwa khunyu. Zikafika pamenepo moyo uli pachiswe, ndipo afunika kuziziritsidwa mwamsanga ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Ndinamufunsa dzina la agogo ake, tsiku, ndi kumene tinali. Anayankha zonse bwinobwino. Tinali tikadali pa sitepe yoyamba.

Alamu anafuna kuti titsike naye nthawi yomweyo kupita ku maiwe a kutsogolo. Mtima wa kholo umatero. Koma njira yotsikira ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo munthu wa chizungulire pamalo otero akhoza kugwera kuphompho. Kubwerera m'mbuyo kunali kutali kuposa kupita kutsogolo. Tinagwirizana zokhala pomwepo kwa theka la ola. Akapanda kusintha, kapena akangoyamba kusokonezeka, awiri adzatsika kukaitana thandizo ku ofesi ya paki, mmodzi n'kutsala naye. Apa ndi pamene ndinaona ubwino woyenda anthu anayi. Wodwala sasiyidwa yekha, ndipo wokaitana thandizo sayendanso yekha.

Tinamanga chitenje pa ndodo zoyendera ndi pamwala kuti pakhale mthunzi. Tinamugoneka chagada pa majuzi, chifukwa miyala inali yotentha, miyendo titaikweza pachikwama. Tinamuvula nsapato ndi masokosi, kumasula lamba, kunyowetsa malaya ake ndi kuika nsalu yonyowa pakhosi ndi m'khwapa, kwinaku tikumukupiza ndi zipewa. Mpweya wouma uja, umene unamupusitsa, tsopano unatithandiza, chifukwa madzi akamauma msanga pakhungu amachotsa kutentha. Ndinasungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi, n'kumamupatsa pang'onopang'ono, osati kugugudiza, kuopa kusanza.

Mchere ndi wofunika pano. Thukuta limachotsa madzi ndi mchere pamodzi, ndipo munthu amene wataya thukuta lambiri akamwa madzi okha ochuluka, osadya kanthu, mchere wa m'magazi umachepa, n'kudwalanso mwa njira ina. Ngati mulibe paketi, sakanizani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Koma munthu wokomoka kapena wosatha kumeza musamumwetse chilichonse.

Theka la ola limenelo linali lalitali. Alamu anakhala chete, atagwira phazi la mwana wawo. Patapita mphindi 20 mtima wa mnyamatayo unayamba kugunda mwakachetechete, ndipo anati nseru yatha. Kenaka anapempha lalanje. Tinawonjezera nthawi ina, anadya mtedza, anamwa lita yachiwiri, ndipo ataimirira popanda chizungulire ndi kupita kuseri kwa mwala kukakodza, bambo ake anapumira m'mwamba.

Kutsika

Potsika tinasintha dongosolo. Mnzathu wodziwa njira anatsogola, mnyamata pambuyo pake wopanda chikwama, ife awiri m'mbuyo titagawana katundu wake. Pakatha mphindi 20 zilizonse tinkaima, aliyense n'kumwa, kaya ali ndi ludzu kaya alibe. Njira yolowera m'chigwa cha Gororosib ndi yaitali ndi yotopetsa mawondo, ndipo malo ena tinkatsika chokhala pansi, manja akugwira miyala.

M'munsi tinayamba kumva fungo la chinyontho tisanaone madzi. Kenaka bango, kenaka dziwe loyamba lodzaza ndi ana a achule. Tinaviika mapazi, mnyamata uja n'kudzithira madzi thupi lonse. Kutsogolo kwake kuli mathithi amene njira imatsikira m'mbali mwake. Mwala wa pamenepo ndi wachilendo, wooneka ngati phala lokhuthala limene linauma likuyenderera. Umapangidwa ndi laimu yemweyo amene madzi amasungunula m'kati mwa phiri, n'kumusiya pang'onopang'ono pamene akutulukira kunja. Tinafika pamsasa dzuwa litapendeka kwambiri, titatha maola oposa 10 panjira ya maola 7. Usiku umenewo mnyamatayo anagona msanga, ndipo tsiku lotsatira tinamuletsa ntchito iliyonse ya padzuwa, chifukwa thupi limene lafooka ndi kutentha limatenga masiku kuti libwerere mwakale.

Kwa amene angafune kupitako

Miyezi yabwino ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale usiku wake kumazizira koopsa. Lipirani chilolezo ku ofesi ya paki ndi kuwauza njira imene mukutenga ndi nthawi imene mukuyembekezera kubwerera. Nyamukani kukangoyera kuti chitunda chachikulu mukwere dzuwa lisanafike paliwombo. Valani chipewa chotakata, malaya a manja aatali opepuka, ndi nsapato zimene mapazi anu anazolowera kale. Tengani tochi ngakhale mukuganiza kuti mubwera kukadali kowala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho malita 4 amamveka kumsana, koma ndi katundu yekhayo amene amapepuka pamene mukumugwiritsa ntchito. Amene ali ndi matenda a shuga, a mtima, a impso, kapena amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi okodzetsa, ayambe aonana ndi dokotala.

Ambiri a ife mwina sitidzafika ku Naukluft, koma dzuwa la Okutobala timalidziwa, makamaka abale athu a m'chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja. Zimene zinachitika pamsana paja zimachitika m'munda, pa njinga ya kabaza, pamzere wa kuchigayo, pa ulendo wa achinyamata wokwera phiri. Kawirikawiri timayang'anira agogo ndi ana aang'ono, ndipo n'koyenera kutero chifukwa kutentha kumawagwira msanga. Koma tisaiwale wamphamvu uja amene ali patsogolo, amene sadandaula, amene amachita manyazi kunena kuti mutu ukupweteka. Pa anthu anayi amene tinakwera phiri lija, amene anagwa anali wamng'ono ndi wathanzi kuposa tonse.

Choncho musamangofunsa kuti, "Muli bwino?" Aliyense amayankha kuti ali bwino. Funsani kuti wamwa liti, ndipo muone botolo lake. Funsani kuti wakodza liti, ndi mtundu wa mkodzowo. Woyera kapena wachikasu pang'ono ndi chizindikiro chabwino, koma wochepa ndi wakuda ngati tiyi ukutanthauza kuti thupi likupempha madzi. Ndi mafunso amene mwamwambo timachita nawo manyazi, makamaka pakati pa mwana ndi wamkulu kapena pakati pa alamu, koma kumalo kumene chipatala chili kutali, mafunso amenewa ndi amene amabweza munthu kunyumba akuyenda ndi miyendo yake.